Chikwangwani Changa Achiyang'anitsa Kukhoma

Aphungu,

Ndine telala. Kashopu kanga kali m'mbali mwa msewu waukulu, pakati pa ometa tsitsi ndi okonza mafoni, ndipo pa makina ndakhalapo kuyambira ndili mtsikana. Nkhani yangayi mwina muiseka, koma kunyumba kwanga yachititsa kuti tizidya mwakachetechete, ndipo ine yandipatsa mafunso amene sindinadzifunsepo.

Mwana wanga wamkazi atachira, ankadandaula ndi zovala. Bulauzi ya mabatani imafuna manja awiri pamene dzanja lina lanyamula khanda, ndipo zipi imakanda mwana patsaya. Ndinatenga zidutswa za nsalu n'kuyamba kusoka ndi kumasula, kusoka ndi kumasula, mpaka ndinatulukira bulauzi yotseguka ndi dzanja limodzi, imene imadzitsekera yokha mwana akangosiya bere. Ilibe zipi, ilibe batani. Kasokedwe kake n'kotere: ……

Ndinasoka ziwiri zokha, ndipo mwana wangayo amavala ali pakhomo. Mkamwini wanga ataiona anaitembenuza kunja ndi mkati, kenako anati, "Amayi, ichi musachitaye. Kuli chinthu chotchedwa patenti. Boma limakupatsani chikalata chakuti luso ili ndi lanu, ndipo kwa zaka makumi awiri wina sangasoke n'kumagulitsa inu musanalole." Ine ndinaseka. Atelalafe timaonerana, munthu akabwera ndi chithunzi pafoni timangosoka. Sindinamvepo kuti kolala ali ndi mwiniwake.

Komabe mtima unayamba kudumpha. Ndinapita kwa wojambula zikwangwani kuti andikonzere chotsatsira bulauziyo, n'kumupatsa chithunzi cha mwana wanga akuyamwitsa chimene ndinajambula pafoni. Munthuyo dzanja ali nalo, ndisaname. Wajambula mayi atakhala pampando, khanda lili pabere, muvi wofiira ukuloza pamene bulauzi imatsegukira, ndipo pambali wakulitsa mpindiro wake kuti odutsa aone mmene umagwirira ntchito. Bere likuoneka pang'ono chabe.

Amuna anga ndi kalipentala, komanso mkulu wa mpingo. Ndi munthu wabwino, tebulo limene ndimadulirapo nsalu anakhoma ndi iwo. Koma masiku ano nkhani yawo ndi imodzi, ya kutha kwa dziko. Wailesi ikanena za chivomezi kapena nkhondo amangopukusa mutu n'kuti, "Zakwana." Ataona chikwangwanicho anavula magalasi, n'kuwapukuta, n'kuvalanso. Kenako anachinyamula okha, n'kuchiimika kuseri kwa sofa chitayang'ana kukhoma. Anati, "Mayi a ana, ichi chikakwera pamsewu, ine mushopu mwanu sindidzapondamonso. Manyazi atha m'dziko, ndipo chimenecho n'chizindikiro china."

Nditatchula za patenti ndiye ndinathira mafuta pamoto. "Zaka makumi awiri? Mwapangana ndi ndani kuti dziko lifika kumeneko? Nanga nzeruzo munagula kuti, kuti lero muzimangire mpanda? Amene anakupatsani sanakulipiritseni. Lero alemba nambala pa bulauzi, mawa adzailemba pa inu."

Aphungu, sindinakwiye kwenikweni, koma ndikudabwa. Ana athu onse ndinawayamwitsa pamaso pa bambowo, m'basi, pamaliro, ngakhale pabenchi yakumbuyo m'tchalitchi, ndipo sanaphethirepo. Nanga penti yasintha chiyani? Pamsewu womwewo pali chikwangwani cha matayala a galimoto chokhala ndi mtsikana amene chovala chake sichingakwane kupukutira mbale, koma palibe wachitembenuza. Nditawakumbutsa zimenezo anangoti, "Ameneyo si wa m'nyumba mwanga."

Za mpandazo nthawi zina ndimaona ngati akunena zoona, chifukwa amene anandiphunzitsa kudula mkono wa malaya sanandiuze kuti ndizimupempha chilolezo. Koma ndikaganiza za mashopu akuluakulu okhala ndi makina mbwee, amene angaone bulauziyi m'mawa n'kudzaza msika ine ndisanalowetse ulusi pasingano, mtima umandipweteka.

Loweruka likubwerali amuna anga akupita kumapemphero a kuphiri ndi ampingo, akagona komweko. Wojambula uja akuti makwerero okwezera chikwangwanicho ali nawo. Akuti, "Mayi, chikakwera chakwera, bambowo adzazolowera." Kunena zoona ndakopeka. Kodi ndikweze? Kodi luso lingakhale ndi mwiniwake? Nanga ngati dziko likuthadi, n'kulakwa kukonzekera zaka makumi awiri?

Ndine wanu wofuna kudziwa,
E.T.M., kuno kutauni


Mayi E.T.M.,

Owerenga akadabwa ndi madontho amene ali pakati pa kalata yanu, adzudzule ine. Ndime yonse imene munafotokoza kasokedwe ka bulauziyo ndaidula dala. Munalemba bwino kwambiri moti ngakhale ine, amene sinditha kusokerera batani, ndikanayesa.

Chimene mkamwini wanu anaiwala kukuuzani ndi ichi: m'maiko ambiri patenti imaperekedwa pa chinthu chimene sichinaonetsedwepo kugulu. Mukachifalitsa m'nyuzipepala, kapena kuchipachika pamsewu ndi muvi wofiira woloza chinsinsi chake, musanakalembetse, mungathe kutaya mwayi wonse. Ndiye kuti amuna anu, potembenuzira chikwangwanicho kukhoma, anakutetezani osadziwa. Musafulumire kuwauza, angayambe kuyenda modzitukumula.

Yambirani ku ofesi ya boma yolembetsa luso latsopano, pakuti safunsa anadya phula. Akakuuzeni ngati bulauzi yanu ingayenere patenti. Konzekerani kumva kuti kwina anasokapo yofanana nayo, chifukwa amayi akhala akuyamwitsa kuyambira kalekale ndipo atelala ndi ambiri. Zikatero funsani za njira zina, monga kulembetsa maonekedwe a chovalacho kapena dzina limene muzigulitsira. Funsaninso za mtengo, ndipo dziwani kuti chikalata sichilondera chokha: wina akakuberani, woyenda kukadandaula ndinu. Pakadali pano mabulauzi awiriwo asatuluke pageti, mkamwini asawaike pafoni, ndipo wojambulayo mumuuze kuti asunge pakamwa ndi kufufuta chithunzi chimene munamupatsa.

Funso lanu lakuti luso lingakhale ndi mwiniwake landisangalatsa, ndipo anthu ophunzira amakanganabe pa nkhani yomweyo. Alipo amene amaganiza ngati amuna anu, kuti nzeru zonse timatola kwa anzathu. Koma patenti si mpanda wamuyaya. Kuti akupatseni, mumalemba chinsinsi chonse poyera, ndipo zaka zija zikatha telala aliyense ali ndi ufulu wosoka. Mukungopempha kuti muyambe ndinu kudya thukuta lanu, kenako mugawire dziko lonse. Mukawafotokozera choncho bambowo, mupeza kuti simunatalikirane monga mukuganizira.

Za tsiku lomaliza sindikangana nawo. Ine sindilidziwa, ndipo mukawafunsa modekha avomera kuti nawonso salidziwa. Tsiku lina akadya n'kukhuta, afunseni ngati anasiya kuumitsa matabwa. Kasitomala akafuna chitseko, kodi amamukhomera cha matabwa aawisi poti dziko likutha? Ndikukhulupirira kuti ayi. Amapala, amayeza, amakhoma chinthu choti zidzukulu zidzatsegule, ndipo chikhulupiriro chawo sichichepa nazo. Inunso mukungochita zomwezo pa nsalu. Nambala imene akuiopayo ndi ya fayilo ya mu ofesi, ngati nambala imene ili pansi pa makina anu osokera. Koma musawaseke. Munthu amene ali ndi mantha ukamuseka amangowonjezera mantha ndi mkwiyo.

Pa chithunzicho, kuyamwitsa si chinthu chamanyazi, ndipo mukunena zoona kuti mtsikana wa matayala uja ndiye anayenera kuyamba kutsitsidwa. Komatu yankho amuna anu anakupatsani kale, inu simunalimve. Iwo sakuona penti. Akuona nkhope ya mwana wawo, ndi bere lake, pamsewu pamene anyamata oitanira mabasi amacheza tsiku lonse. Ndipo m'kalata yanu yonse ndamva mawu a mkamwini, a wojambula ndi a bambo, koma a mwini nkhopeyo sindinawamve. Chithunzi chimene mayi wajambula mwana wake pabalaza si chilolezo chomupachika pamsewu. Mufunseni ali yekha, ndipo akazengereza muwerenge kuti wakana.

Nthawi yokweza ikadzafika, wojambulayo afufute nkhopeyo aike ya munthu wosadziwika, mutu wa khanda uphimbe zimene bambo sakufuna kuti zioneke, ndipo muvi uja uchoke. Ogula akufuna kudziwa kuti bulauzi imagwira ntchito, osati mmene imasokedwera. Mufunsenso kukhonsolo ngati pali malamulo a zikwangwani, kuti musalipire penti kawiri. Ku ofesi kuja akafuna zojambula zoonetsa miyezo ya luso lanu, ndipo inu muli ndi munthu m'nyumba amene amayenda ndi pensulo kukhutu. Apempheni. Munthu savuta kuteteza chinthu chimene waikapo dzanja lake.

Tsono za Loweruka, ayi, musakweze. Wojambulayo akalandira zake akagona tulo tabwino kwawo, pamene inu mudzatsala ndi munthu wotsika kuphiri ali ndi njala, n'kupeza mwana wake ali pamtunda, anthu akuloza. Chikwangwani mungathe kuchizula tsiku lomwelo. Koma kuti munadikira kuti iwo atembenuke msana, zimenezo sadzazizula mumtima, ndipo mudzazipeza pa nkhani iliyonse imene mudzafune kuti akukhulupirireni.

Aphungu