Apongozi adzuka osabuula

Lachinayi, ku Katete. Lero mtima wanga wakhala pansi.

Apongozi aamuna awachitanso opareshoni ya m'mimba. Chaka chatha atadzuka anasanza, n'kubuula masiku awiri. Dzulo mtsikana wogonetsa odwala pa opareshoni atawafunsa za ulendo uja, anangoti, "Zinali bwino, mwanawe." Akananena bwanji za masanzi ine mpongozi ndili pomwepo?

Mtsikanayo anandiyang'ana. "Amayi, tadikirani panja." Ndili pakhonde ndinawamva akuulula zonse.

Lero sanawagonetse ndi mpweya umene unawasanzitsa chaka chatha. Anawapatsa mankhwala a mumtsempha, n'kuwabayanso jakisoni wopha ululu pabala. Adzuka akufunsa za mtedza wawo ku Sinda!

Zaka khumi pakhomo pawo, sindinawamvepo akuti "zikuwawa." Mtsikanayo anawaululitsa m'mphindi zisanu basi. Koma apongozi akatuluka m'chipatala, bala likayamba kuwawa, adzauza ndani...