Mtengo wa Mabulosi

George Komboni,
Lusaka.
18 Okutobala 1998

Okondedwa Dingani mwana wanga,

Akulemba ndi ba Ketty a kutchalitchi, koma mawu ndi anga, ndipo ndawauza asafewetse ngakhale limodzi.

Kalata yako yochokera ku Ulayako andiwerengera. Ndamva kuti ntchito ikuyenda, kuti galasi lako lija ukalipaka utoto wa zipatso limagwira dzuwa n'kutulutsa magetsi. Ndamvanso kuti mabulosi ouma amene atate ako anakutumizira chaka chatha anapereka mphamvu kuposa zipatso za kumeneko, ndiye ukufuna ena msanga, akuluakulu a sukulu asanaone ntchito yako.

Atate ako ankanyadira zimenezi. Chiwachotsereni ntchito, kampani itagulitsidwa, ankangokhala pansi pa mtengo wa mabulosi uja kuingitsa mbalame. Ba Goliati, aneba athu aja, ankawaseka kuti, "Ba Phiri, mwasanduka alonda a zipatso?" Iwo ankayankha kuti, "Seka, mwana wanga akadzayatsa George yense udzabwera kudzapempha."

Ku maliro awo sunabwere. Unati utoto ukusuluka pa galasi, sungausiye wokha. Sindinaphunzire, koma ndikudziwa kuti galasi silinakubereke pamsana.

Juni uja kunazizira kwambiri. Amuna ogona panja pamaliro amafunika moto, ndipo nkhuni amayenera kuziona ndi mwana wamwamuna wa pakhomo. Ba Goliati anati abweretsa makala. Ndinakana, pakhomo pa ba Phiri sitiotha moto wopempha. Ndinawapatsa nkhwangwa n'kuwalozera mtengo wa mabulosi. Anati, "Amake Dingani, ndi wauwisi uwu, ungofuka." Ndinati, "Ufuke." Unafukadi, mwakuti ngakhale amene anabwerera tiyi yekha anatuluka misozi.

Ndiye mabulosi kulibe. Usavutike kunditumizira maenvelopu ena.

Ine ndili bwino, maso okha ndi amene akuvuta chifukwa cha utsi wa koloboyi. Mlongo wako Tinenenji akupereka moni. Anthu akandifunsa, ndimawauza kuti ndiwe wotanganidwa ndi ntchito yaikulu, ndipo ndimanena mutu uli m'mwamba.

Chitsa chija chaphuka timasamba. Ndikuchithirira madzi otsukira mbale. Chikadzabala sindidzayanika, sindidzapita ku positi. Wofuna mabulosi adzathyola yekha, atayamba waima pamanda a atate ake ku Chingwere.

Ndine amako,
Salome Phiri