Dimba la Sitela ndi Viza ya Miyezi Itatu

Amayi,

Kodi kumene muliko mukudzuka bwanji? Ife kuno tikudzuka, kungoti Julaye wa chaka chino wabwera ndi chisanu choluma. M'mawa udzu wa kudambo umachita kuyera, ndipo ana sakufuna kutuluka m'bulangete mpaka dzuwa litafika pakhonde.

Ndiyambe ndi zabwino. Make Pawulo anachira bwinobwino m'nyengo ya Lenti, mwana wamkazi. Tinakamubatiza ku Bembeke itangopita Pasaka, ndipo tinamutcha dzina lanu. Ali ndi chipumi chanu, ndi kayang'anidwe kanu kaja kokhala ngati wakugwira ukunama. Chimanga tinakolola matumba khumi ndi anayi, la khumi ndi chisanu silinadzaze. Ndikudziwa kuti mukuseka. Paja munkati, "Damiano, iwe ukadzafika kumwamba udzayamba wawerenga angelo usanapereke moni." Nyemba sizinachite bwino, mvula inachuluka pa nthawi ya maluwa. Mbuzi yanu yamawanga ija inameza jumbo n'kufa. Tinaidya, koma mwachisoni.

Nkhani imene yandikhazika pansi ndi ya chitsiriza wanu Sitela, ndi dimba lanu la kukasupe.

Pamene munkatisiya n'kuti Sitela atangoyamba ntchito ku Lilongwe, m'sitolo yogulitsa mbewu ndi feteleza. Kumeneko anadziwana ndi mzungu wina, dzina lake Tomasi, wa ku Ireland, amene anabwera kudzathandiza alimi pa mbewu ya kachewere. Chaka chatha mu Okutobala anafika naye kuno, n'kungotiuza kuti ndi mnzake wa kuntchito. Munthuyo ulemu ali nawo ndithu. Anavula chipewa, anakhala pamphasa ngakhale miyendo inkamuvuta kupinda. Koma asanamalize n'komwe tiyi anapempha kuti akaone dimba. Tinatsetsereka. Atafika anagwada, anafumbata dothi, analinunkhiza, kenako anatulutsa kajumbo m'thumba n'kuthiramo. Anandifunsa ngati kasupeyo amaphwa. Ndinati chibadwire changa sindinamuonepo ataphwa. Anagwedeza mutu n'kulemba pafoni. Ine ndinazisunga mumtima. Ndi mlendo wanji amene amabwera kudzacheza n'kubwerera ndi dothi la eni m'thumba?

Mu Febuluwale anabweranso awiriwo. Ulendo uno Tomasi anatsika galimoto mano onse ali pamtunda, n'kundigwira dzanja ndi manja awiri.

"Muli bwanji, alamu?"

"Ndili bwino," ndinatero, "koma pa alamu sitinafikepo. Inu ndinu a Tomasi."

Sitela anaseka mpaka kugwira pakamwa. "Achimwene, musamuopseze, Chichewa akuphunzira kumene."

"Ndiye wamuyambitsira kumapeto kwa buku."

Titakhala pansi Sitela anafotokoza. Ntchito ya Tomasi kuno inali itatsala pang'ono kutha, abwerera kwawo, ndipo akufuna kuti Sitela amutsatire. Ndinafunsa kuti nanga ankhoswe ake ali kuti, tikumane nawo. Onse awiri anayang'ana pansi. Ine ndinayang'anitsitsa mzunguyo, poganiza kuti wozemba ukwati ndi iye. Koma anayankha ndi mwana wanu.

"Wokana ndine, achimwene. Sindingakalumbire paguwa za moyo wanga wonse ndisanaone kumene ndikakhale. Mayi ake sindikuwadziwa. Akuti kumeneko miyezi ina dzuwa limalowa folo koloko, mvula tsiku ndi tsiku. Bwanji ndikakapenga? Ndikaone kaye."

Amayi, inu ku Mozambique munkangowoloka msewu kukagula nyemba popanda wokufunsani. Kwa azunguko sikotero. Pamafunika chilolezo chimene amamata m'pasipoti, amati viza, ndipo mavizawo ali mitundumitundu. Ndinawauza kuti afotokoze pang'onopang'ono, atamaliza ndinati abwereze, kuti ndione ngati mawu asinthe. Sanasinthe. Njira ya anthu okwatirana ilipo, koma imeneyo anaikana okha. Ina ndi ya anthu amene sanakwatirane koma akhala nyumba imodzi zaka ziwiri, n'kuonetsa umboni wake. Nditamva imeneyo ndinafunsa kuti ndi boma lanji limene limapereka mphoto kwa anthu ongolowana. Tomasi anafiira makutu. Sitela anati Ukaristia sakufuna kuusiya, ndiye imeneyonso ayi. Ya sukulu ilipo, koma atatchula ndalama zake ndinapempha kuti pamenepo pokha asabwereze. Yotsala inali ya mlendo. Munthu amapita kukacheza chabe, ntchito osagwira, ndipo miyezi itatu isanapitirire azikhala atabwerera kwawo.

"Ndiye pitani ndi imeneyo," ndinatero. "Kwa ine mukufunako chiyani?"

Sitela anakonza chitenje chimene chinali chokonzakonza kale. Anati a ku ofesi ya mavizawo amaopa kuti munthu akalowa sadzatulukanso, choncho amafuna aone chimene chidzamubweze kwawo. Kalata ya kuntchito anali nayo, koma ankaona kuti payokha ndi yopepuka.

"Ndikufuna kalata ya kwa amfumu yonena kuti dimba la amayi ndi langa. Amfumu akuti sangadinde inu mwini mbumba musanavomere."

Nthawi yomweyo kajumbo ka dothi kaja kanandibwerera m'maso.

Mukudziwa mmene ndinabwerera pano. Ndinali pachikamwini ku Lobi, ndipo inu mutadwala akwawo kwa make Pawulo anatilola chitengwa kuti tidzakudwazikeni. Chiyambire pamenepo dimbalo ndalima ndine. Kachewere wa m'menemo ndi amene anagula malata a nyumba ino, ndi amene amalipira sukulu ya Pawulo. Mwambo wathu ndikuudziwa, malo ndi a ana aakazi, ine ndine wosunga chabe. Inunso munanena tsiku lina tikupalira, "Ili ndi la Sitela, iwe uzingodya nawo." Sindikutsutsa. Koma mawu a pakamwa amakhala pamudzi pomwe pano, amamusiya munthu kumalima. Pepala lodinda limalowa m'chikwama, limakwera ndege, limakafika m'manja mwa anthu amene sitikuwadziwa ngakhale nkhope.

Ndinawauza kuti ndiganize kaye. Galimoto itangozimirira, make Pawulo anayamba.

"Bambo a Pawulo, mwaona? Anayamba ndi dothi, lero akufuna pepala, mawa abwera ndi waya. Ife tizidzagula kachewere m'dimba lathu lomwe."

Sindinamudzudzule, chifukwa zotere taziona. Pali banja lina cha ku Chimbiya limene linasainira munthu wa m'tauni kapepala kakuti ndi kobwereka chabe, lero pamalopo pali mpanda wa njerwa. Ndiye palinso za atsikana amene timamva pawailesi, opita kunja ndi malonjezo okoma, kukafika uko n'kuwalanda mapasipoti. Ang'ono anu atamva nkhaniyi anabwera ndi nzeru yawo. Anati, "Gwirani tambala ndi msoti, muwachititse chinkhoswe Loweruka lomweli. Mzunguyo amange nyumba kuseli kwa khola, akhale mkamwini, tizimuona akadzuka." Ndinati mayi, wokana si mzungu, ndi mwana wanu. Anangoti, "Ha! Sukuluzi," n'kunyamuka.

Sitela ndi Tomasi atabweranso kudzamva yankho, ndinamutenga Tomasi yekha kupita naye kudimba. Sindinazungulire.

"A Tomasi, dothi lija munapita nalo kuti?"

Anayamba wadabwa, kenako anamenya chipumi. Anati anakaliyeza, ndipo anapeza kuti chigawo cha kumunsi chili ndi matenda ofotetsa kachewere. Akuti anamuuza Sitela kuti adzandiuze ndisabzalekonso kachewere kwa zaka zingapo, koma Sitela anaiwala. Zakufotazo ndi zoona, ndinali nditaziona ndekha mizere ya kumunsi. Komabe mtima sunakhale pansi. Ndaonapo mavenda pamsewu akunyoza kachewere wabwinobwino kuti atsitse mtengo. Ndinamufunsanso kuti pasipoti ya mlongo wanga azikasunga ndani. Anati mwini wake, pamodzi ndi tikiti yobwerera. Ndinati, "Ndamva." Kumva ndinamvadi.

Madzulo ake ndinakhala ndi Sitela pakhonde, awiriwiri. Ndinamufunsa kuti akakakukonda kumeneko, dimba lidzatani.

"Achimwene," anatero, "kodi mukuopa Tomasi, kapena mukuopa ine?"

Iye anapitiriza kuti sakundilanda kanthu, akungofuna chinthu choonetsa kuti kwawo ali nako.

"Chabwino," ndinatero. "Pepalalo likawauza azungu kuti udzabwerera chifukwa cha dimba. Koma iwe khasu unaligwira liti? Onetsa manjawo. Ukufuna ine ndi amfumu tikanamize boma la eni?"

"Ndiye nditani?"

"Tichite kuti chikhale choona. Ndikavomera kwa amfumu. Koma usananyamuke ubwere ubzale kachewere chigawo chonse cha kumtunda ndi manja ako. Kuthirira ndizithirira ine, kupopera ndizipopera ine. Kukumba ayi. Udzakumba wekha. Kachewere amakhwima miyezi itatu, viza yakonso ndi ya miyezi itatu. Palibe chimene chidzadikire chinzake."

Anaseka. "Achimwene, inu mukanakhala wa ku ofesi ya maviza bwenzi kulibe Mmalawi anakwerapo ndege." Koma anavomera.

Kwa amfumu tinapita mu Malichi. Ndinapempha kuti m'kalatamo awonjezere kuti malowo ndi a mbumba ndipo sangagulitsidwe popanda mbumba yonse kukhala pansi. Amfumu analemba, ine ndinawerenga kawiri, anadinda. Tomasi anatsogola kwawo mu Epulo. Ine ndinkaganiza kuti mwina a ku ofesi ya maviza amukana Sitela, nkhani n'kuthera pomwepo, ndipo sindikubisirani, sindikanalira. Koma mu Meyi viza inatuluka.

Sitela anasunga mawu ake. Loweruka lomaliza la Meyi anatsika minibasi atavala nsapato za jombo zatsopano, zowala ngati akupita ku ukwati. Anabzala mizere yonse ya kumtunda, make Pawulo akumuseka kuti akukwirira mbewu ngati akusita malaya. Pofika madzulo manja anali matuza okhaokha, msana sunkawongoka. Anagona pamphasa panu paja osadya n'komwe. Sabata yotsatira anakwera ndege. Tikiti yake ikuti abwera sabata yoyamba ya Seputembala. Ndinaiona ndi maso anga.

Amaimba foni Lamulungu tikabwera ku tchalitchi. Akuti kumeneko ino ndi nyengo yotentha koma akuvala majuzi awiri. Akuti mayi ake a Tomasi ndi munthu wabwino, kungoti amamudyetsa kachewere m'mawa, masana ndi madzulo, ngati kuti wachokera kumene kulibe. Pasipoti akuti ali nayo, ndinamuuza kuti aionetse pafoni, anaionetsa akundinena kuti ndine wapolisi. Anatumizanso chithunzi ali m'munda wa makolo a Tomasi. Ndinachikulitsa ndi zala kuti ndione manja ake. Mphete palibe. Koma Lamulungu lapitali anatha nthawi yonse akusimba za sukulu ina ya zaulimi imene anakaiona, mmene zilili nyumba zake, mmene amaphunzitsira. Za kachewere wake sanafunse. Ndinadikira mpaka foni inaduka. Sanafunse, Amayi.

Chigawo cha kumunsi ndinabzala kabichi ndi nsawawa, monga ananenera mzunguyo, ngakhale sindinamuuze kuti ndamumvera. Zikutanthauza kuti chaka chino kachewere yense amene ali m'dimbamo ndi wa Sitela. Wamera bwino kuposa wanga wa zaka zonsezi, zimene zikundipweteka pang'ono. Chisanu chinangowaula masamba a m'mphepete. Panopa wayamba maluwa, ndipo dzana ndinamaliza kukwezera. Venda wina wabwera kale kudzaona, akufuna kulipiriratu munda wonse. Ndinamuuza kuti mwini wake kulibe. Make Pawulo sanandiyankhulitse tsiku lonse. Atatsegula pakamwa anati, "Sukulu ikutsegulira mu Seputembala. Mlamu wanga akapanda kubwera, Pawulo akalipira maluwa a kachewere?"

Pawulo akulowa fomu thuu, ndipo kabichi yekha sangakwanitse. Koma ndikakumba ine, ndiye kuti ndavomereza kuti pepala lija linali bodza, kuti Sitela alibe chomubwezera kuno. Ndipo iye akadzamva kuti achimwene akumba, adzapeza chifukwa chokhalira. Mumamudziwa mwana wanu, amafuna apeze khomo lotseguka kale kuti asadzanenedwe kuti anatsegula ndi iye.

Ngati kumeneko amakulolani kuyankhulako, mukokeni khutu kutulo monga munkachitira akachedwa kuchitsime. Tomasi sindinamupeze ndi mlandu mpaka lero, koma sindinasiye kumuyang'ana. Ine lonjezo langa kwa inu ndi ili. Ndithirira m'mawa uliwonse, ndipopera, ndithamangitsa mbuzi za eni, ndipo malire anu sasuntha ngakhale phazi limodzi. Koma khasu langa sililowa m'mizere imeneyo. Masamba akauma mu Seputembala ndidzamuimbira kamodzi kokha, ndidzati, "Sitela, kachewere wako wakhwima." Zotsalazo adzayankha yekha, kwa ine ndi kwa inu.

Ndine mwana wanu wokukondani,

Damiano