Mtsinje Unasamuka, Ife Ayi

Lolemba, 5 Meyi

Kuchipatala atibweza. Amayi ndinawakweza pa njinga m'mamawa, kuwoloka nawo mtsinje, kuima pamzere mpaka dzuwa pamutu, kenako kalaliki wa pawindo akuti, "Mudzi wanu suli m'boma lino. Mankhwala a kuthamanga kwa magazi mukatenge kwanu." Kwathu kutiko? Ine ndinabadwira m'chipinda cha kuseri kwa mpando wakewo!

Lachiwiri, 6 Meyi

Mapiritsi atsala anayi.

Lachitatu, 7 Meyi

Ndapita ku ofesi ya boma. Mapu atsopano ali pakhoma, m'galasi. Boma lathu n'laling'ono: phiri kumpoto, dambo pakati, msewu umodzi, mtsinje kummwera. Bwana wa zamalo akuti malire ndi mtsinjewo, basi. Koma chigumula chija cha zaka zisanu ndi zitatu zapitazo chinaukhotetsa. Kale unkadutsa kuseri kwa mudzi, lero ukudutsa kumaso. Ojambula mapu anangotsata madzi, mabanja makumi anayi n'kutiponyera m'boma la eni.

Ndinamuuza kuti chipatala cha kumeneko ndi ulendo wa tsiku lathunthu. Iye, "Lembani kalata, mayi." Osadzutsa n'komwe mutu. Galasi lija ndinatsala pang'ono kuliswa.

Lachinayi, 8 Meyi

Achimwene akuti pakamwa pangapa padzandimangitsa. Iwo ndiye mantha anabadwa nawo. Amayi angoseka, "Ndiye ndinasamuka osanyamula ndi mphasa yomwe?" Koma mapazi atupa, ndaona.

Kalata ndalemba, masamba atatu. Zonse zilimo: sukulu imene abambo anaumbira njerwa, manda athu, mlatho wakale umene wangoima pamchenga wouma. Ndakaisiya ndekha pa tebulo la bwana uja.

Lolemba, 12 Meyi

Mapiritsi anatha. Ku ofesi zii. Amayi mutu ukuwapweteka, sakufunanso nthabwala.

Lachitatu, 14 Meyi

Galimoto m'mudzi! Bwana uja, mapu m'manja. Ndinamutengera ku mlatho wakale osamupatsa moni. Anaima pamenepo, kuyang'ana mchenga, kuyang'ana pepala, kuyang'ananso mchenga. Akuti kukonza mapu ndi nkhani ya miyezi. Ndinati amayi anga alibe miyeziyo.

Anapinda pepala lija. "Ali kuti?"

Ndinaloza.

"Akwere. Ndikalankhula ndekha ndi a kuchipatala."

Achimwene ananyamula amayi n'kuwakhazika kutsogolo. Ine kumbuyo, buku lawo la kuchipatala m'manja. Zikomo sindinanene.