Timfundo Titatu ta Ulusi Wofiira

Amayi,

Ndiyambe ndi mwendo wanu uja. Kodi kutupa kunaphwa, kapena mukungokakamira kumunda ngati simumva za anthu? Nanga abambo, chifuwa chija chinawasiya? Ine thupi lili bwino, ntchito nayo ikuyenda. Mayunifolomu a ana asukulu atiunjikira kushopu moti makina sakuzizira. Mtima wokha ndiwo suli bwino, ndipo ndasankha kulemba chifukwa pa foni ndikanangolira, inu osamvapo kanthu. Valani magalasi anu muwerenge nokha, musapatse munthu.

Loweruka lapitali ndinapita kukaona nyanja yamchere. Abwana anatipatsa masiku awiri chifukwa a magetsi amasintha mapolo mumsewu wathu, ndiye ndinati mzinda umene akukhala achimwene ndi wa maola awiri okha pa basi, ndidikiranji. Komanso si nyanja yokha imene inandikoka, mukudziwa. Ndimafuna kukaona a Chipewa, aja munawapatsa dzinali nokha chifukwa chovula chipewa akadali kumsewu pobwera kudzakupatsani moni. Ndinawasokera shati yatsopano yoti adzavale kumapeto kwa mwezi uno, tsiku lomwe akubwera ndi abale awo kwathuko kudzakamba za ukwati. Sindinawauze kuti ndikubwera, ndimati ndiwadzidzimutse. Achimwene okha ndinawaimbira basi itanyamuka kale.

Ndinawapeza achimwene akundidikira padepoti, thukuta kamukamu ngati athamanga. Anati a Chipewa ali pa shifiti kudoko, kireni yawo yokwezera katundu m'sitima siima mpaka mawa, ndiye tingolunjika kunyanja. Nditati tiyambe tasiya chikwama kuchipinda kwawo, anati kiyi ali ndi mnzawo. Kenaka anati m'chipindamo simunasesedwe. Kenakanso anati n'kutali. Ine ndi chimwemwe changa sindinaone kuti zifukwazo zachuluka.

Amayi, nyanja ija ilibe tsidya. Ndinayang'ana mpaka maso kuwawa, madzi okhaokha. Ndinalawa pang'ono, ndi mcheredi, sanatinamize. Sitima zinandanda kutali zikudikira kulowa padoko, zina zazitali kuposa mdadada wa makalasi a kusukulu kwathu. Achimwene, amene inu mukuwadziwa kuumira kwawo, anandigulira ayisikilimu kawiri osawapempha. Anandilozera kireni ina yachikasu kuti ndi ya a Chipewa, ine n'kumaibayibitsa ndi manja onse awiri ngati chitsiru. Ndikakumbukira zimenezo ndimachita kuluma mano.

Chimene chinaulula zonse ndi funde. Ndinavula nsapato n'kulowa mpaka m'maondo, ndikutembenuka kuti achimwene andijambule, funde lina linandimenya kumbuyo n'kundikhazika pansi. Siketi, bulauzi, chikwama, zonse zinanyowa chee. Mphepo inali yozizira, ndinayamba kunjenjemera mano akugundana, ndipo apa achimwene zifukwa zinawathera. Kiyi uja anapezeka m'thumba mwawo momwemo.

Amakhala mumpanda wa zipinda za lendi, zitseko zisanu ndi chimodzi pamzere, mpopi umodzi pakati, chingwe choyanikapo zovala kuchokera kukhoma mpaka kugeti. Tinapeza mayi wina wamng'ono, msinkhu wanga womwewu, akuanula matewera, mwana ali kumsana. Anawapatsa moni achimwene kuti alamu, ndipo atamva kuti ndine mlongo wawo anasangalala ngati wandidziwa kalekale. Anawakalipira kuti mlendo samuyambitsa kunyanja asanamwe tiyi. Anandilowetsa m'chipinda mwake, khomo loyandikana ndi la achimwene, n'kundibwereka siketi yake. Achimwene anatsala panja, akungopukuta foni pa thalauzi.

Tikumwa tiyi anandifunsa ntchito yanga. Nditati ndine telala, anawomba m'manja kuti Mulungu wamutumizira munthu. Anati bambo a mwana ali ndi shati ina imene amaikonda kwambiri, kolala yatha koma akukana kuitaya, amati anaigula kumsika ndipo ina yotero sadzaipezanso. Anaitulutsa mu beseni la zochapa, yabuluu ya timizere toyera. Ndinadziuza kuti nsalu imeneyo ili paliponse, ngakhale kushopu kwathu tinasokapo zambiri. Koma dzanja la telala silidikira kuuzidwa, linapita lokha kumpendero n'kutembenuza.

Paja munandiphunzitsa ndinu, ndisanafike n'komwe pa chopondera makina, kuti chovala chosokera wako uzisiya timfundo titatu ta ulusi wofiira m'kati mwa mpendero, kuti chisasokonezeke ndi za makasitomala. Timfundoto tinalipo, Amayi, tonse titatu. Ndi shati ija ndinawasokera a Chipewa pakhonde panu chaka chatha, inu mukundiseka kuti mabatani ndikuwasoka ngati ndikumanga ng'ombe. Nditakweza maso ndinaona chipewa chija chili pamsomali kuseri kwa chitseko. Ndinayang'ana mwana uja, makutu ake oima ngati zogwirira kapu, sindinafunikenso kufunsa.

Ndinafunsa chimodzi chokha, kuti akhala limodzi nthawi yaitali bwanji. Anati chaka chachitatu chino, ndipo kumapeto kwa mwezi bamboyo akupita kwawo kukaona amalume awo odwala. Amalume odwalawo ndinu, Amayi.

Mudabwa, koma kolalayo ndinaikonza. Ndinapempha lezala, singano ndi ulusi, ndinaisomola, ndinaitembenuza mbali yabwino ikhale kunja, n'kuisoka ndi manja mwaudongo monga mumafunira. Manja akamagwira ntchito pakamwa pamatsekeka, n'chifukwa chake. Nditamaliza ndinadula timfundo tija n'kuika timaulusito m'thumba. Mayi uja anayamikira kuti yakhala ngati yatsopano, anafuna kundipatsa kangachepe, ndinakana. Sindinamuuze kanthu. Kaya ndinalakwa kaya, koma munthu woti wandiveka siketi yake sindikanatha kumugwetsera denga pamutu mwana ali kumsana. Iye sanandilakwire.

Ndinavalanso zonyowa zanga zomwezo n'kuwauza achimwene kuti ndikukwera basi ya madzulo. Njira yonse yopita kudepoti amangolankhula okha. Anati a Chipewa anawalonjeza kuti amusiya mayiyo ukwati wathu usanachitike. Anati si mkazi wawo weniweni, n'ngongokhala naye. Anati ndikumbukire kuti ntchito ya kudoko anawapezera ndi a Chipewa, akanayamba bwanji kuwaulula. Pamenepo ndinaima pamsewu.

"Achimwene, munabwera nawo pakhomo pathu ndinu. Mwanayo akalira mumamumva pakhoma. Ine mumati ndidzamva liti?"

"Ndimafuna akuuze okha, mlongo wanga. Koma chonde, amayi asamve."

Ndi zokhazo zimene anali nazo, kuti inu musamve. A Chipewa akhala akuimba kuyambira Lamulungu, sindikuyankha, ndipo kunena zoona za iwowo zikundipweteka pang'ono kuyerekeza ndi izi. Chikomekome cha mkuyu timachidziwa tonse, mlendo akhoza kukunamiza. Koma uyu ndi mchimwene wanga, munthu amene anandibereka kumsana inu muli kumunda, amene anamenya mwana wa aphunzitsi chifukwa chonditchula dzina loipa. Yemweyo anandiyendetsa tsiku lonse pamchenga, akunditseka maso ndi ayisikilimu. Ndakwiya, Amayi, ndipo manyazi akundigwira ngati wolakwa ndine.

Pempho langa ndi limodzi. Anthu aja akabwera kumapeto kwa mwezi, musawayalire mphasa. Uzani abambo ndi amalume nkhaniyi isanafike tsikulo, kuti asadzavale majekete pachabe. Musatukwane munthu, musakuwe, mwendo wanuwo sufuna kuimirira nthawi yaitali. Mudzangowauza kuti mwana wanu anakonza kolala ija, a Chipewa akamva okha. Ndipo musatume achimwene kuti adzandinyengerere, sindinakonzeke kumva mawu awo.

Shati yatsopano ija ndaichapa mchere wonse, ndaichepetsa m'mapewa, ndaitumiza pamodzi ndi kalatayi kuti avale abambo. Akaona kuti manja atalika mundiuze. Siketi yanga yokha ndiyo yatuwa, siidzabwereranso.

Mundiperekere moni kwa abambo, amalume ndi akazi awo, azakhali a kuseri kwa tchalitchi, ndi mng'ono wanga amene ndikumva kuti wayamba kuba ulusi wanu. Muuzeni asiye makina mpaka ndidzamuonetse kupondera bwino. Achemwali musawauze kaye, angadzakwere basi ndi mpini.

Chotsala n'chimodzi. Padepoti paja achimwene anali atavala jekete ija ndinawasokera atangoyamba ntchito, ndipo lezala la mayi uja linali m'thumba mwanga, ndinaiwala kubweza. Atawerama kuti akweze chikwama changa, mpendero unapindika, timfundo tofiira tili poonekera. Ndinaligwira lezalalo, Amayi, koma ndinalephera. Munandiphunzitsa kumanga timfundoti, simunandiuze kuti ta m'bale wako amadula ndani.

Ndine mwana wanu,
Kasingano