Mahedifoni a mu shopu yanga ku Mbayani

Lolemba, 7 Ogasiti 2023
Mahedifoni opanda chingwe ndagula ku Limbe. M'mawa wonse kulimbana nawo, kompyuta osawaona. Kani umakanikiza kabatani mpaka kagetsi kayambe kuphethira, kenako kuyatsa bulutufu pa kompyuta. Dzina lawo latulukira, ndadina. Sipika zii, nyimbo m'makutu. Akangoyatsidwa amalumikizika okha. Tsopano kasitomala azimva kaye nyimbo ndisanamuikire pa memore, a Tawonga a saluni asiye kudandaula phokoso.

Lachinayi, 10 Ogasiti
Mahedifoni asowa. Ndinangotuluka kukataya madzi. Womaliza kuwavala Nasoro, wa kabaza uja. Ndinamuona akuliza njinga, ndinakuwa. Liwu limodzi lokha: wakuba!

Anthu anamugwetsa asanafike pamsewu. Njerwa, matabwa a kwa kalipentala, mnyamata wina wa galaja ndi chitsulo. Mayi wa tomato kumuponda kumaso. Mlongo wanga wamng'ono Lucius patsogolo, lamba m'manja, kumenyera mbali ya chitsulo cha lambayo. Nasoro ankangoti, "Alongo, sechani chikwama." Anasecha, munalibe. Ati wapatsira mnzake. Wina anali atabwera kale ndi tayala pamene apolisi amafika.

Lachisanu, 11 Ogasiti
Magazi pakhomo pa shopu. Ndathira mchenga, akuonekabe. Dzino limodzi m'ngalande. Chakudya chikukana. Koma ndani anamutuma kuba?

Lamlungu, 13 Ogasiti
Nasoro nsagwada yothyoka, diso lakumanzere latha, atero anzake a kabaza. Mkazi wake anandipeza ndikuchokera kutchalitchi, mwana kumbuyo. Sanatukwane. Anangoti, "Mayi, katundu wanu uja munamupeza?" Bola akananditukwana.

Lachitatu, 16 Ogasiti
Masana, nyimbo ikulira pa sipika, kasitomala akudikira. Mwadzidzidzi zii. Ndimati magetsi. Kuyang'ana pa kompyuta: mahedifoni alumikizika. Bulutufu safika patali.

Ndinazungulira kuseri kwa shopu. Lucius pa chigubu, mahedifoni anga kumutu, akudinadina foni yake, kudabwa nyimbo imene akumvayo ikuchokera kuti.

Ndinatola thabwa. Pamsana, pamkono, pakhutu. Mahedifoni anathyoka pakati. Mwana amene ndinkamubereka kumbuyo mayi atamwalira, lero ndamutulutsa magazi. Sanabwezere. Anagwada, kundigwira mwendo. "Achemwali, menyani, koma musakuwe. Mukuwadziwa anthu a kuno."

Pakamwa panga panali potsegula kale. A Tawonga atasuzumira pa mpanda, kumsewu anyamata a galaja aja.

Sindinakuwe.

Lachinayi, 17 Ogasiti
Lucius sanagone kunyumba. Ndaphika phala, akuti Nasoro akungomwa zamadzimadzi. Ndafika kuchipatala, mpaka pakhomo pa wodi. Mkazi wake ali pambali pa bedi, akumupukuta dovu. Wandiona, waimirira.

Ndikanena kuti mahedifoni apezeka, afunsa kuti kwa ndani. Anzake a kabaza adzaza pakhonde.

Sindinalowe, phala ndabwerera nalo kunyumba. Mawa ndipitanso, ndikanena kuti...