Zala za Kaseka ndi Digiri Yanga

Okondedwa achimwene,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu ndi wa alamu anga. Kodi msana uja unasiya kukuvutani, kapena mukunyamulabe matumba kushopu ngati mnyamata? Ine kuno kudziko la eni ndilipo, koma osati bwino kwenikweni. Ndasankha kulemba chifukwa pafoni ndimangoti zonse zili bwino, inu n'kukhulupirira.

Paja ndinakuuzani kuti ife ophunzira za miyala timayenera kukwera phiri nyengo yozizira, apo ayi kosi sitimaliza. Tinapita mwezi watha. Anatitsogolera ndi aphunzitsi aja amene anandithandiza kupeza malo payunivesite pano, omwenso amayang'anira kafukufuku wanga. Ndinali limodzi ndi mtsikana amene ndimagona naye chipinda chimodzi. Timamutcha Kaseka chifukwa amaseka ngakhale m'mayeso.

Kuzizira kwa kumeneko, achimwene, si kumene mumakudziwa inu. Chipale chofewa chimafika m'mawondo, ndipo mpweya ukatuluka m'kamwa umaumira pa kolala ya jekete. Titafika pakanyumba kopumulira, pakatikati pa phirilo, mphepo inasintha ndipo nsonga ya phiri inabisika m'nkhungu. Ambiri tinapempha kuti tibwerere. Kaseka ananena poyera kuti zala zake sakuzimvanso. Aphunzitsi anayankha kuti chaka chilichonse pamakhala wolira, ndipo wofuna kubwerera abwerere, adzakumana chaka chamawa m'kalasi lomwelo. Tinangoyang'anana n'kunyamula zikwama.

Pamwamba sitinafike. Mphepo inatipanikiza pakati pa matanthwe, kutsogolo kosaoneka, njira yomwe tinadzera itakwiririka. Tinaunjikana pansi pa thanthwe ngati anapiye, kudikira opulumutsa anthu. Ine ndinaika manja a Kaseka m'khwapa mwanga, iye akundiuza kuti mwamuna amene adzamukwatire ayambe walumbira kuti kwawo kulibe phiri. Potsika ndinaterereka n'kuthyoka mwendo pamwamba pa kakolo. Kaseka madokotala anamudula zala ziwiri za dzanja lamanja.

Panopa ndili m'chipinda chathu, pamwamba penipeni pa nyumba yosanja, ndipo chikepe chinafa kalekale. Ndi pulasitala ndi ndodo zoyenderazi, masitepe sindingawathe ndekha. Anzanga onse anapita kwawo kutchuthi. Kaseka makolo ake anamutenga, bedi lake lili chiyalire. Zenera langa limayang'ana khoma la nyumba ina, ndiye ndaloweza njerwa zake zonse zong'aluka. Munthu amene ndimamuona ndi mayi wina wokolopa m'khonde, amenenso amandigulirako buledi ndi mkaka.

Sabata yatha aphunzitsi anakwera masitepe onsewo atanyamula malalanje. Anakhala pabedi la Kaseka. Anandifunsa za mwendo, kenaka anati akuluakulu a yunivesite akhazikitsa komiti yofufuza za ngoziyo, ndipo popeza ndatsala ndekha pasukulu, ayamba ndi ine. Anati nyengo inasintha mwadzidzidzi, palibe amene akanadziwa, ndipo akukhulupirira kuti inenso ndikukumbuka choncho. Potuluka anaima pakhomo n'kundikumbutsa kuti chilolezo changa chokhalira m'dziko muno chimadalira kuti iwo anene kuti ndikuchita bwino. Ananena zimenezi akumwetulira. Malalanjewo ndinapatsa mayi wokolopa uja.

Ndinaganiza za bambo, momwe amauzira aliyense wobwera kudzasoketsa zovala kuti mwana wawo wamkazi akubwera ndi digiri. Ndinaganiza za inu, amene munasiya sukulu kuti ine ndipitirize. Kenaka ndinamuimbira Kaseka. Sanandipemphe chilichonse. Anangoti akuphunzira kulemba ndi dzanja lamanzere, ndipo zilembo zake zikuoneka ngati papalasa nkhuku. Anayesa kuseka, koma sizinatheke.

Dzulo a komiti anabwera m'chipinda momwe muno, chifukwa ine sindikanatha kupita kuofesi kwawo. Ndinawauza zonse monga momwe ndakulemberanimu. Mayi amene amatsogolera komitiyo anandifunsa mobwereza ngati ndikutsimikiza mawu amene aphunzitsi ananena pakanyumba paja. Ndinati ndikutsimikiza. Anathokoza, anati andidziwitsa, osanena kuti liti.

M'mawa uno wafika uthenga woti aphunzitsi sadzayang'aniranso kafukufuku wanga, ndipo wowalowa m'malo sanapezeke. Ndiye ndi mmene zililimu. Kubwera kumudzi dokotala wakaniza mpaka pulasitala atachotsa. Kukhala kuno sindikudziwa ngati andilola. Ngakhale kutsika pansi kukaona dzuwa sindingathe popanda wondigwira.

Pempho langa ndi limodzi. Mupite kwa bambo inuyo, osati pafoni, madzulo akatseka makina, mukawafotokozere zonsezi bwinobwino. Inu amakumverani. Mayi muwauze za mwendo wokha kaye, vuto lawo la kuthamanga kwa magazi mukulidziwa. Sindikufuna kuti wina andiyamikire. Ndikungofuna kudziwa ngati bambo adzandilandire ndikadzafika ndi sutikesi yokha, digiri palibe.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali ndi amalume, ndi kwa ana onse. Mwana wanu wamkulu mumuuze kuti chithunzi cha chipale chimene anandipempha sindinajambule, foni inazima ndi kuzizira. Mukamva zimene bambo anene, mundiuze momwe anenera, osakometsa. Yankho lanu lindipeza pompano, palibe kumene ndingapite.

Ndine mlongo wanu,
Chitsirizira wa mayi